Makutu a Che Yunusu

Aliyense amene wakhalako pa Nathenje amawadziwa Che Yunusu Sele, ndipo ambiri anayamba kumva mawu awo asanaone nkhope yawo. Akamapereka moni kwa munthu tsidya lino la msewu, makondakitala a minibasi tsidya linalo ankatembenuka. Ena ankati ndi mmene anabadwira, ena ankati ndi ukali. Koma amene anagwirapo nawo ntchito ankadziwa kuti mwa munthuyo munalibe ukali ngakhale pang'ono.

Anabadwira m'banja la malonda. Bambo awo, Che Sele, anali ndi sitolo m'mbali mwa msewu waukulu, yogulitsa sopo, mchere, palafini ndi singano za makina osokera. Ana onse anakulira kuseri kwa kauntala, kupatula Yunusu. Iyeyo akamusiya m'sitolo, ankakamupeza ku chigayo cha Che Ismael kuseri kwa msika, ataima pakhomo la chipinda cha injini, ufa uli mbuu kumutu. Atakwana zaka khumi ndi zinayi, bambo ake anatopa ndi kumulondola, ndipo anapita okha kwa mwini chigayo.

"Mutengeni," anatero. "M'sitolo akungondithamangitsira makasitomala. Mwina injini yanuyi idzamuwongola."

Anakhala pachigayopo zaka khumi ndi chimodzi. Anaphunzira kumanga lamba, kutsuka sefa ya mafuta, kumasula injini yonse n'kuibwezera osatsalako bawuti ndi imodzi yomwe. Magetsi atafika ndipo chigayo chitasiya kuyendera dizilo, ntchito yake inatha. Apo n'kuti atakwatira kale Shamimu, mkazi wogulitsa zitenje ndi mipango, ndipo mwana wawo Umi anali kumsana. Sanakhale nthawi yaitali pakhomo. Amisiri omanga nyumba ankafuna munthu wodziwa jenereta, popeza kumidzi kumene ankamanga masukulu, matchalitchi ndi mizikiti kunalibe magetsi, pomwe zitsulo zinkafunika kudulidwa ndi kuwotcheredwa.

Ntchito ya pa jenereta anthu amaiyesa yongokhala. Che Yunusu ankafika pamalo omangapo amisiri asanabwere. Ankayang'ana oyilo, kusefa dizilo pa kansalu koyera, kuyala nthambo mpaka pamene pali makina odulira zitsulo, kenako n'kukoka chingwe choyatsira. Ikalira, ankakhala pambali pake pa ndowa yovundikira tsiku lonse, dzanja limodzi lili pa thanki. Ikayamba kutsokomola ankadziwiratu m'chikhatho, amisiri asanaone kuti makina awo akufooka. Paphokoso limenelo panalibe woyankhula mwachifatse. Womanga khoma ankakuwa pofuna matope, kalipentala ankakuwa pofuna misomali, ndipo pamene mawu alephera ankayankhula ndi manja. Kuzungulitsa chala m'mwamba kunali kuti yatsani. Kukweza chibakera kunali kuti zimitsani.

Madzulo ankafika kunyumba mutu ukuwawa, m'makutu mukulira ngati mwalowa nyenje. Ovolosi yawo Shamimu ankaichapira m'beseni lakelake chifukwa cha fungo la utsi. Kulira kwa m'makutuko poyamba kunkatha akagona. Patapita zaka kunasiya kutha, ndipo iwo anakuzolowera monga munthu azolowerera chipsera.

Mayi Idesi anawadziwa ali mtsikana wongoyamba kugwira chipande cha simenti, wochokera cha ku Nkhoma. Masiku amenewo amuna ena ankamuseka, koma Che Yunusu ankamusungira malo pamthunzi nthawi ya nkhomaliro, ndipo anamuphunzitsa kugwira makina odulira zitsulo osadzipweteka. Idesi atayambitsa kampani yakeyake yomanga nyumba, munthu woyamba kumulemba anali iwowo. Anagwira limodzi zaka khumi, jenereta yake imodzi yomweyo, yofiira, yothothoka penti.

Kenako kunabwera zaka zija mafuta anasowa. Che Yunusu anayamba kukhala nthawi yambiri pamzere kuposa pantchito. Ankanyamuka m'mawa ndi zigubu ziwiri, n'kubwerako dzuwa litapendeka, nthawi zina zigubuzo zili zopanda kanthu. Malo ena omwetsera mafuta ankakana kuthira m'zigubu, choncho ankakweza jenereta yonseyo pagalimoto ya Mayi Idesi kuti othira mafuta aione ndi maso. Amisiri ankatsala atakhala pa mulu wa njerwa, zitsulo zosadula zili pansi.

Nthawi imeneyo n'kuti akumanga nyumba yosungiramo soya ndi mtedza ya gulu lina la alimi, kunja pang'ono kwa Mitundu. Alimiwo ankafuna denga lithe asanayambe kukolola. Lolemba lina mwezi wa Marichi, Mayi Idesi anafika kuchokera ku Lilongwe ali ndi katundu wachilendo kumbuyo kwa galimoto: bokosi lakuda ngati sutikesi yaikulu, lamatayala awiri ndi chogwirira, ndiponso mapanelo a sola anayi okulungidwa m'bulangete.

Che Yunusu analizungulira bokosilo kawiri. Kutsogolo kwake kunali mabowo olowetsamo mapulagi ndi kagalasi koonetsa manambala. Anafunafuna pothirira mafuta, osapapeza.

"Ichi n'chiyani, mayi?"

"Ndi batire," anayankha Mayi Idesi mokweza, monga onse ankachitira poyankhula nawo. "Mnzake wa jenereta yanu."

"Chimamwa chiyani?"

"Dzuwa basi."

"Ndiye ine ndizipita kunyumba?"

"Mupita bwanji? Nanga alisamale ndani? Lili m'manja mwanu, Che Yunusu."

Anawaonetsa polumikiza mapanelo, poyatsira, ndi nambala yosonyeza moto umene watsala. Anawauzanso zina atatembenukira kugalimoto kukatsitsa nthambo, koma zimenezo Che Yunusu sanazimve, ndipo sanadziwe n'komwe kuti zanenedwa.

Lachiwiri jenereta anaivundikira ndi lona. A Noah, kalipentala wamkulu, analowetsa pulagi ya makina awo m'bokosimo, makina n'kulira, chitsulo n'kuduka. Atachotsa chala, pamalopo panati zii. Amisiri anayang'anizana n'kuseka. Che Yunusu anasekanso nawo, ngakhale mumtima munali mowawa.

Chimene chinawadabwitsa chinabwera dzuwa litakwera. Anaona a Noah ali pamwamba pa khoma akugwedeza milomo, osakweza mutu, osatambasula khosi, ndipo munthu amene anali pansi, kutali ndithu, anayankha n'kunyamula thabwa. Anaona amayi awiri osakaniza simenti akucheza uku akugwira ntchito, wina n'kuwerama ndi kuseka. Pamalo ponse milomo inkayenda. Iwo ankangomva nyenje zawo zija, ndi mawu apo ndi apo ngati a wailesi ya m'nyumba ya eni.

Zaka zonsezo ankadziwa kuti pantchito anthu samvana chifukwa cha jenereta. Tsopano jenereta inali chete, anthu ankamvana, iwo okha ayi. Koma maganizo awo sanapite kumakutu. Anaganiza kuti anthu akunong'ona dala, ndipo munthu sanong'ona popanda chifukwa. Anaganiza kuti akukamba za nkhalamba imene yatsala ndi ntchito yolondera bokosi lodziyendera lokha. Sabata imeneyo anasiya kudyera limodzi ndi anzawo. Ankatenga chakudya chawo n'kukakhala kuseri kwa mulu wa mchenga. A Noah atawatsatira kukawafunsa chimene chavuta, anayankha kuti palibe, maso ali kumbali.

Lachinayi la sabata yachiwiri kunatentha kwambiri. Bokosi lija analiika pamtetete pafupi ndi mapanelo, poganiza kuti chinthu chodya dzuwa sichingadane ndi dzuwa. Cha m'ma 11 koloko linayamba kulira kamawu kakang'ono, kosongoka, kochenjeza kuti latenthedwa. Amisiri onse anakamva. Anayang'ana n'kuona Che Yunusu atakhala pambali pake penipeni, ndipo anati mwini wake akudziwa chimene akuchita. Linalira mpaka linazima lokha, makina a a Noah n'kuima pakati pa chitsulo.

Mayi Idesi anabwera mofulumira kuchokera kumene ankayeza mazenera. Anagwira pamwamba pa bokosilo n'kuchotsa dzanja msanga.

"Ndinakuuzani tsiku loyamba lija kuti lisamakhale padzuwa, ndipo likalira muzilizimitsa. Simunalimve?"

"Silinalire," anatero Che Yunusu.

"Lalira nthawi yaitali, akulu," anatero a Noah akutsika pamakwerero. "Tonse talimva."

"Ine ndakhala pompano chifikire. Mukufuna kundinamizira kuti mupeze pondichotsera? Ingonenani poyera, m'malo momanong'ona masiku onsewa."

Mayi Idesi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anauza amisiri kuti akokere bokosilo pamthunzi, ndipo Mayi Idesiwo anazungulira n'kukaima kumbuyo kwa Che Yunusu. Anawaitana dzina katatu ndi mawu wamba, osakweza. Che Yunusu anali chiimire, akuyang'ana kumene bokosi likupita. Anazindikira poona nkhope za amisiri, onse akuyang'ana kumbuyo kwawo, wina atagwira pakamwa. Atatembenuka anapeza Mayi Idesi ali pafupi moti akanatha kuwagwira ndi dzanja.

Che Yunusu anavula ovolosi, kuipinda bwinobwino, kuiika pa lona la jenereta, n'kuyenda wapansi mpaka pa Mitundu kukakwera minibasi.

Anafika kunyumba masana, nthawi imene sankafika. Shamimu anali pakhonde akupinda zitenje zokagulitsa kumsika. Umi, amene tsopano anali pabanja pake koma ankabwera kudzathandiza amayi ake, anali naye limodzi. Che Yunusu anakhala pa mpando n'kufotokoza zonse, akuyembekeza kuti mkazi wawo adabwa kapena akwiyira anthu a kuntchito. Shamimu anaika chitenje pansi, anakoka mpando wake kufupi, nakhala moyang'anizana nawo.

"Bambo a Umi," anatero, akutchula mawu amodziamodzi, "ife tinadziwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo."

"Munadziwa chiyani?"

"Mumayesa n'chifukwa chiyani ndimakugwirani paphewa nthawi yoswali ikakwana? Kumzikiti amaitana tsiku lililonse, mudzi wonse umamva. Inu munasiya kudzuka nokha kalekale."

"Ndimati anachepetsa zokuzira mawu."

"Sanachepetse, ababa," anatero Umi. "Ndiponso tsiku la ukwati wanga, a Shehe anakufunsani kawiri. Amalume ndi amene anakukodolani kuti muyankhe."

"Nanga osandiuza bwanji?"

Shamimu anayang'ana manja ake. "Ndinayesapo. Munati ine ndimayankhulira m'mphuno. Kenako ndinaopa kuti mukadziwa musiya ntchito, pomwe ntchito imeneyo ndi imene imakudzutsani m'mawa. Mwina ndinalakwa."

Che Yunusu anakhala pakhondepo mpaka mthunzi wa nyumba unafika kumsewu. Ankaona minibasi zikuima, makondakitala akumenya zitseko, mbuzi itatsegula kukamwa pa chingwe chake. Anayamba kuwerenga m'mutu zinthu zimene sanazimve kwa zaka: mvula ikamayamba pa malata, njinga ikamabwera kumbuyo, madzi akamawira m'ketulo. Sanadziwe tsiku limene chilichonse cha izo chinachoka.

Sabata yotsatira Umi anawaperekeza kuchipatala ku Nkhoma. Madokotala anawayang'ana m'makutu, anawayeza, n'kuwauza mosabisa kuti phokoso la zaka zambiri lawononga zam'kati, ndipo zimene zapita sizibwerera. Khutu lakumanzere linali litatheratu. Lakumanja linatsalako ndithu, ndipo anawalangiza kuti alisamale, komanso anawalembera kalata yokaonana ndi odziwa za makutu ku Lilongwe. Anabwerera pa minibasi. Atatsika pa Nathenje anafunsa mwana wawo funso limodzi.

"Kodi ndimakuwa kwambiri ndikamayankhula?"

"Kwambiri, ababa."

"Uzindigwira dzanja ndikayamba."

Anakhala pakhomo masabata atatu. Ankathandiza Shamimu kunyamula mitolo ya zitenje, koma pa malonda analibe luso monga kale lomwe. Loweruka lina galimoto ya Mayi Idesi inaima pakhomo. Analonjerana ndi Shamimu, analandira madzi akumwa, kenako anakhala kumanja kwa Che Yunusu. Zimenezo anali atauzidwa ndi Umi pa foni.

"Ndabwera kudzapepesa," anatero. "Ndinakuyesani pamaso pa anthu. Ndikanakutengerani pambali."

"Munachita bwino. Pambali ndikanakana."

"Ndabweranso kudzadandaula. Batire lija likutha isanakwane 2 koloko. Aliyense akulowetsamo chimene wafuna. Mafoni khumi, wailesi, dzulo ndapeza wina akuwiritsa madzi a tiyi. A Noah akamafuna kudula zitsulo za denga, moto watha. Kukachita mitambo ndiye basi, timangoyang'anana. Owotcherera akuti likuchepa mphamvu pa zitsulo zikuluzikulu. Alimi ayamba kale kukumba mtedza."

"Munthu wosamva akakuthandizani chiyani?"

"Sindikufuna makutu anu. Makutu alipo ambiri pamalopo, ndipo onse anamva bokosi likulira, palibe anadzuka. Ndikufuna munthu wodziwa kugawa moto, amene akakana anthu amamumvera."

Che Yunusu anayang'ana pamene panali mkazi wawo. Shamimu anali atalowa kale m'nyumba, ndipo anatuluka ndi nsapato zawo za kuntchito.

Lolemba anafika m'mawa amisiri asanabwere. Choyamba anamanga kachisakasa ka udzu, kotseguka mbali zonse kuti mphepo izipita, n'kuikamo bokosilo pa njerwa zinayi, kagalasi kake katayang'ana pamene iwo amakhala. Anapempha Mayi Idesi kuti awaonetsenso zonse kuyambira pachiyambi, maso ndi maso, ndipo anapeza kuti bokosilo likamalira limayatsanso kanyali kofiira. Mapanelo anawapukuta fumbi ndi nsalu yonyowa, ndipo anayamba kumawatembenuza katatu pa tsiku kutsata dzuwa.

Masiku atatu oyamba anangokhala n'kumayang'ana manambala: makina awa akalira nambala imatsika motani, awo akalira imatsika motani. Tsiku lachinayi anaitana amisiri onse.

"Zodula zikuluzikulu tizidula kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko, dzuwa lili pamutu, moto ukulowa uku ukutuluka. M'mawa muziyeza ndi kulemba zoti mudule, kuti nthawi ikakwana tisamafunefune tepi. Mafoni ndi nthawi ya nkhomaliro yokha. Tiyi pali nkhuni."

Wina anadandaula chapansipansi. Che Yunusu sanamve mawuwo, koma anaona milomo.

"Ngati muli ndi mawu, bwerani kumanja kwanga kuno mudzanene. Kumanzereku mukungotaya malovu."

Anthu anaseka, ndipo kuyambira pamenepo nkhani ya makutu awo inasiya kukhala yonong'ona.

Jenereta sanaitaye. Tsiku lowotcherera zitsulo zikuluzikulu za denga, kapena kukachita mitambo masiku awiri otsatizana, ankaivundukula n'kuiyatsa ola limodzi kapena awiri, ikugwira ntchito uku ikudzaza batire. Chigubu chimene kale chinkatha masiku awiri chinayamba kukwana pafupifupi mwezi. Koma tsopano ankaikokera kutali, kuseri kwa mulu wa njerwa, ndipo asanakoke chingwe ankatseka makutu ndi zotsekera zimene Mayi Idesi anagula. Aliyense wogwira makina odulira ankamupatsanso zake. A Noah anakana poyamba, amvekere zimawayabwa.

"Zikuyabwani?" anatero Che Yunusu. "Ndiye bwerani tisinthane makutu, muone ngati anga akuyabwa."

A Noah anavala.

Denga linatha alimi akuyamba kumene kubweretsa matumba. Tsiku lopereka nyumbayo kwa eni ake kunali zoyankhula zambiri, ndipo Che Yunusu anaima kumbuyo, akuomba m'manja pamene ena aomba.

Kachipangizo kothandiza kumva anakalandira patapita miyezi isanu. Kuntchito sakavala kawirikawiri, akuti kamakuza mphepo ndi kugogoda kwa hamala kuposa mawu a anthu. Amakavala Lachisanu popita ku mzikiti, ndi pakhomo akabwera alendo. Anthu akawafunsa chimene amakonda pakati pa jenereta ndi batire, sabisa. Amati jenereta ankaidziwa ngati munthu, ndipo ikadwala ankaichiza ndi manja awo, pomwe bokosili likadzafa sadzadziwa pomasula, lidzangokwera galimoto kupita ku Lilongwe. Koma amanenanso kuti mutu unasiya kuwawa, ndipo chifuwa chimene chinkawagwira chaka chilichonse nthawi yozizira sichinabwerenso.

Chaka chino kampani ya Mayi Idesi ikumanga masitolo atatu pa Nathenje pomwepo, ndipo mabokosi alipo awiri. Che Yunusu amapita kuntchito wapansi. Tsiku lina mu Januwale mvula inawapeza masana, ntchito n'kuima. Anakokera mabokosi m'sitolo imene inali itafoleredwa kale, amisiri onse n'kukhala pa matumba a simenti kudikira kuti ikate. A Noah anasuntha thumba lawo, nayamba kufotokoza za mlamu wawo amene anagula njinga yamoto asanaphunzire kuyendetsa, n'kuikankha wapansi kuchokera pa Mitundu mpaka kumudzi, atavala chipewa chake chachitsulo. Che Yunusu anamva mwina theka la nkhaniyo. Anzawo ataseka, iwo anagwira a Noah pabondo.

"Bwerezani pamene anakumana ndi apongozi ake paja. Pang'onopang'ono."

A Noah anabwereza, akuwonjezera zina zimene poyamba panalibe, ndipo amisiri anasekanso kachiwiri, Che Yunusu mokweza kuposa onse. Mvula inakata cha m'ma 3 koloko, ndipo anatuluka kukapukuta mapanelo.